Bambo a Madalo Akana Madalo

Tembisa, ku Joni
Pa 10 Malichi, 2024

Okondedwa amake Enoki,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Ndikhulupirira kuti inu, Enoki ndi Madalo mukudzuka bwino ku Kapondoko. Ine kuno ndili gwa, kupatula kachifuwa ka fumbi la simenti.

Kalatayi ndapatsira a Hashim, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno mpaka pa boma la Mchinji. Pa foni sindingathe kunena zakukhosi. Chipinda chino timagonamo amuna asanu, ndipo aliyense makutu ake ndi aatali.

M'katoni mupezamo sopo, shuga, mafuta ophikira ndi nsapato za Enoki. Zikamukulira aikemo nsanza kutsogoloko, akulira momwemo. Ndalama yomwe ndatumiza pa foni mugulire matumba osungira mtedza. Mavenda oyamba aja, obwera ndi masikelo awo akuba, musawagulitse ngakhale ndowa imodzi.

Tsopano nkhani yanu ija. Mwati aphunzitsi akuti Madalo akhoza ndithu mayeso a Sitandade 8, ndipo mwina asankhidwira ku sekondale yogonera komweko. Nditawerenga pamenepo ndinavina ndekha, anzanga n'kumayesa kuti ndaledzera. Koma mwawonjezera kuti tikauze Jobson athandizepo fizi. Apo ndakana.

Madalo ndi mwana wa mlongo wanga Emelda, ndipo chimwalirire Emelda mwanayo ali m'manja mwa ine malume wake. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, inunso mukudziwa. Jobson anamusiya mlongo wanga mwana akukwawa, ngakhale chinkhoswe sanamange. Lero ndikamugwadire? Anthu pa Kamwendo adzati Lameki anapita ku Joni kukadya mabanzi, mbumba yamukanika. Iyeyo azingoyenda ndi thiraki yake ya ku Chipata, azingodzitcha bambo a Madalo pa boda, poti dzina silifuna fizi. Fizi ndi yanga.

Ntchito ikuyenda. Bwana wachedwetsako malipiro a mwezi watha, akuti vuto ndi la ku banki. Musadandaule.

Ndine mwamuna wanu,
Lameki


Tembisa
Pa 21 Epulo, 2024

Amake Enoki,

Ndiyambe ndi moni monga mwa nthawi zonse, ngakhale mtima uli m'mwamba. Ndamva kuti Enoki malungo amusiya, Mulungu alemekezeke. Ine ndilipo.

Kalata yanu ndalandira. Kani ine nditati ayi, inu munakwera kabaza mpaka pa Kamwendo kukaonana ndi Jobson? Mkazi wanga, mutu wanu ndi wouma ngati chimanga cha chaka chatha. Ndinaudziwa tsiku lomwe ndinakufunsirani, koma ndinapitirizabe.

Ndiye mwaona zomwe mwakatola. Mwati anakulandirani ataima pakhonde la nyumba yake yamalata, osakupatsani ndi mpando womwe, nati: "Ine kumene kuja ndinali tambala wobwereka. Anapiye ndi a mwini thadzi. Kawauzeni amalume ake a ku Joni." Mawu amenewa ndawawerenga kangapo. Chandiwawa n'chakuti ndi mawu anga omwe a m'kalata ija, kungoti iye wawavula malaya.

Koma zomwe ananena kumapeto ndizo zandidetsa nkhawa. Ati mtsikana wakula, sukulu ikavuta abwere azidzagulitsa mazira owiritsa kwa madalaivala pa boda. Boda ija ine ndikuidziwa, inunso mukuidziwa. Atsikana ambiri amayamba ndi mazira. Madalo asakapondeko, ngakhale kutumidwa mchere. Muuzeni aike mtima pa mayeso. Ntchito za kumunda muchepetsereni mpaka alembe, ndipo mabatire a tochi musamumane.

Mtedza mukakumba muuyanike mpaka uume bwinobwino usanalowe m'matumba. Chaka chatha tinaluza theka ndi nkhungu chifukwa cha phuma.

Ulendo uno katoni ndi yaing'ono. Pa ntchito pathu panabwera alendo a yunifolomu kudzafunsa mapepala, ndiye tinapumako masiku angapo. Zinazo ndidzakuuzani pamaso.

Fizi ndiipeza, ndatero ine.

Wanu,
Lameki


Tembisa
Pa 2 Juni, 2024

Amake Enoki,

Muli bwanji nonse? Ine ndili bwinoko. Ndinatsetsereka pa makwerero tikupulasitala chipupa, bondo latupa pang'ono, ndiye ndikupumulako. Si nkhani yoti mukalengeze ku tchalitchi.

Zoti Madalo watuluka m'mayeso akumwetulira zandisangalatsa kwambiri. Mumuphere nkhuku imodzi, ija yosaikira.

Zoti inu munakafika ku boma, ku ofesi yoona za ana, zandidzidzimutsa. Ndinayamba ndapsa mtima, kenako ndinawerenganso modekha. Safunsa anadya phula, inu mwafunsa. Mwati amayi a mu ofesimo anakuuzani kuti lamulo silidziwa za tambala. Wobereka mwana, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, ali ndi udindo womudyetsa, kumuveka, kumupititsa kuchipatala ndi kumuphunzitsa, kaya panali chinkhoswe kaya panalibe. Ine ndinkayesa kuti popanda ankhoswe khothi silingatsegule n'pakamwa pomwe. Ndinkayesanso kuti wodandaula ayenera kukhala mayi wa mwana, ndipo poti Emelda anagona, nkhani inagona naye. Kani aliyense amene akusunga mwanayo angathe kukasuma, ngakhale mphunzitsi wake, ngakhale mwana mwini wakeyo? Izi kusukulu sanatiphunzitse.

Ndinafunsako Vincent, mnzanga wa ku Guilleme amene timagona chipinda chimodzi. Iye akuti kunonso zilipo. Pali munthu wa konkuno pa ntchito pathu amene malipiro ake amafika atadulidwa kale, gawo lina litapita kwa mwana wake. Vincent ponena izi nkhope inagwa, chakudya n'kuchisiyira panjira. Sindikudziwa chomwe chinamuluma.

Komabe ine khothi ndimaliona ngati malo a akuba mbuzi. Dzina la mlongo wanga likatchulidwe pamenepo, anthu akumvetsera ngati wailesi? Mtima wanga sukufuna. Ndiye mumve bwino: sindinakulolezeni, komanso sindinakuletseni.

Mwezi uno sindinatumize kanthu. Gulitsani thumba limodzi la mtedza, enawo adikire mtengo ukwere.

Lameki


Tembisa
Pa 14 Julayi, 2024

Okondedwa amake Enoki,

Moni nonse. Kuno kukuzizira kolowa m'mafupa, kwa ku Mchinji n'kwamasewera. Bondo likuchira mwaulesi. Jekete yanga yachikopa ija ndinaibwereketsa kwa munthu, ndiye ndikumakhala m'nyumba kwambiri. Vincent akundisamala ngati m'bale.

Ndamva kuti chisamani cha khothi chamupeza Jobson, ndipo nyimbo yasintha. Tambala uja tsopano akuti m'khola sanalowemo n'komwe. Mwana si wake, Emelda anali ndi ena. Mlongo wanga anakana amuna awiri abwinobwino podikira munthu ameneyo, mpaka matenda anamutenga akuyang'anabe kumsewu. Lero amunyoze ali m'manda? Manyazi onse a khothi aja andithera. Pitani, amake Enoki, ndipo musabwerere m'mbuyo.

Ndamvanso kuti atsibweni anga anakuitanani, nati mtengwa salankhula za mbumba ya eni ake. Auzeni kuti wakutumani ndine mwini mbumba. Akafuna umboni awerengereni kalata ino, koma ndime yokhayi, zinazo ayi. Zaka zitatu mwanayo akudya m'mbale yanu, iwo sanamugulirepo ndi pensulo yomwe. Ulemu muwapatse, poti ndi aakulu, koma njira yanu musaisinthe.

Nkhawa yanga ndi umboni. Emelda kulibe, ankhoswe kunalibe, khadi la kusikelo linadyedwa ndi chiswe. Mwati a ku ofesi aja akuti khothi likhoza kulamula kuyeza magazi, koma zimenezo n'za ku Lilongwe, ndipo zidya nthawi ndi ndalama. Akutinso khothi limamvera ngati bamboyo anavomerapo mwana pagulu. Chabwino, koma ndani pa boda angaime kutsutsa mnzake amene amamwa naye tiyi? Madalaivala aja amabisirana ngati afiti.

Denga la khitchini lidikire kaye. Enoki muuzeni kuti mpira uja ndinamulonjeza sindinauiwale.

Ndine wanu,
Lameki


Tembisa
Pa 11 Ogasiti, 2024

Amake Enoki,

Ndili moyo, ndipo lero ndili moyo kwambiri. Dzina la Madalo latuluka, sekondale ya atsikana yogonera komweko. Mtsikana woyamba m'banja mwathu. Ndinalira pamaso pa amuna anzanga, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Za tsiku loyamba kukhothi mwandifotokozera bwino. Mwati Jobson anaimirira nati, "Awa si magazi a mwanayu, ndi akazi a amalume chabe." A majisitireti anangofunsa kuti mwanayo amagona kuti, amadya kwa yani. Madalo anakulozani inu. Basi, anati khalani pansi bambo, nkhani ipitirire. Ndikanakonda atsibweni anga akanakhalapo kuti amve okha.

Koma chandidandaulitsa n'chakuti mlandu auimitsa mpaka kumapeto kwa mwezi, poti Jobson wapempha kubwera ndi mboni. Sukulu itsegulidwa pakati pa Sepitembala, ndipo mwana akapanda kufika malo ake amapatsa wina. Zafika pa mwana wakana phala.

Mbuzi ziwiri zija musagulitse kaye, ngakhale zonse pamodzi sizingakwane teremu imodzi ndi matiresi. Bulangete langa la m'sutikesi mupatseni Madalo. Ndowa ndi mbale atenge za m'nyumbamo.

Mwandifunsa kuti zikavuta kukhothi, fizi yomwe ndinalonjeza ija ili pati. Funso labwino. Ndidzayankha.

Lameki


Tembisa
Pa 1 Sepitembala, 2024

Amake Enoki, mayi wa milandu,

Za moyo ndisataye nazo nthawi. Lero ngakhale bondo laiwala kuti limapweteka.

Pa foni munangoti tapambana, mayunitsi n'kutha. Ndinakhala ngati nkhuku yofuna kuikira mpaka a Hashim atafika. Kani iwo analowa nawo m'khothimo tsiku limenelo, poti galimoto yawo inali pa boma. Ndilemba monga andifotokozera, inu mundiuze ngati sanathiremo mchere.

Akuti Jobson anafika atavala suti, pambali pake pali mboni yake, a Levi, dalaivala wachikulire uja wa imvi. Atalumbira, a majisitireti, mayi wa magalasi, anawafunsa kuti munthuyu amamudziwa bwanji. A Levi anakonza kukhosi, nati:

"Bwana, ine abambo a Madalo ndayenda nawo msewu wa ku Chipata chiyambire unyamata wawo. Ndikunenetsa pano kuti abambo a Madalo alibe mwana ameneyu."

A majisitireti anaika cholembera pansi.

"Mwati alibe mwana ndani?"

"Abambo a Madalo, bwana."

Akuti chikhakhali chinayambira kumbuyo, mpaka mesenjala wa khothi, amene ntchito yake ndi kukhalitsa anthu chete, anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. A Levi anaona kuti aponda pamoto, koma phazi linali litapsa kale.

"Nanga dzina limeneli anawapatsa ndani?"

"Ndi eni ake, bwana. Tsiku lomwe mwanayo anabadwa anatigulira tonse zakumwa pa boda, nati kuyambira lero mukanditchula Jobson sindiyankha."

A majisitireti analemba pang'ono, kenako osadzutsa ndi mutu womwe anati, "Abambo a Madalo, imirirani." Ndipo munthu uja anaimirira. Anazindikira ali chilili kale.

Amake Enoki, nkhani imeneyi ndaifotokoza m'chipinda muno mpaka mawu asasa. Ine ndinkasaka umboni m'khadi lodyedwa ndi chiswe, kani munthu akuyenda nawo pakamwa pa anzake tsiku ndi tsiku.

Chigamulo chandikomera chifukwa n'chachilungamo. A Hashim akuti a majisitireti anamufunsa zomwe amalandira, anaonanso kuti ali ndi ana ena awiri kwa mkazi watsopanoyo, ndiye sanamuvule malaya. Ana ajanso ndi ana, alibe mlandu. Koma fizi ya teremu iliyonse azikapereka, ndi kangachepe ka mwezi ndi mwezi ka sopo, zovala ndi mankhwala, mpaka Madalo atakwanitsa zaka 18. Akadzakhala akadali pa sukulu mukhoza kubwereranso kukapempha kuti zipitirire. Akazemba, khothi liuza bwana wake kuti azimudula pa malipiro. Pepala la chigamulolo mulisunge m'botolo lotseka bwino, chiswe cha kwathu chimakonda zinthu zofunika.

Chimodzi chokha chandiwawa. A Hashim akuti anthu onse akuseka, Madalo yekha sanaseke, anangoyang'ana pansi. Si chapafupi kumva bambo wako akukukana pagulu. Mukhale naye pansi inu awiri. Muuzeni kuti wochita manyazi tsiku lija si iye, ndipo sukulu akaipite mutu uli m'mwamba.

Pomaliza, musaiwale kuti ine sindinakuletseni. Pamenepo ulemu wanga mundipatseko.

Mwamuna wanu wonyada,
Lameki


Tembisa
Pa 6 Okutobala, 2024

Okondedwa amake Enoki,

Moni kwa inu ndi Enoki, amene tsopano watsala yekha wotumidwa pakhomo. Ine ndili bwino, ulendo uno zenizeni. Ndapeza ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ina. Malipiro ndi ochepa, koma palibe makwerero.

Chithunzi cha Madalo atavala yunifolomu chafika. Siketi yamukulira, koma nkhope ndi ya Emelda yeniyeni. Ndachikhoma pamwamba pa bedi, ndipo aliyense wolowa muno ndimayamba ndamuonetsa ndisanamupatse moni.

Chafikanso chikatoni chanu cha ufa, mtedza ndi mfutso. Ndinadabwa kuti katundu wayamba liti kuyenda chobwerera. Ine sindinakuuzeni kuti kuno kwavuta, ndiye ndadziwa kuti a Hashim pakamwa pawo ndi pobooka. Tadya tonse asanu, ndipo akuti ndikuthokozereni. Funso lanu lija la fizi yankho lake munalidziwa kale, ndiye ndingolemba mwachidule: panalibe. Chigwereni pa makwerero paja ntchito yeniyeni sindinaione.

Mwati Jobson wapereka ya teremu yoyamba tsiku lisanakwane, ndipo pa boda akudzitama kuti mwana wake ali ku sekondale. Msiyeni adzitame, dzina lija tsopano akulilipirira. Akadzafuna kukamuona mwanayo kusukulu musamutsekere njira, koma Madalo mwini wake anene.

Mwatinso amayi awiri a m'mudzimo abwera kudzakufunsani njira ya ku ofesi ija. Aperekezeni, koma kabaza azilipira okha. Kunonso mbiri yanu yafika. Vincent uja nkhope inkagwa uja, kani ali ndi mwana ku Guilleme amene anamusiya ali wakhanda. Sabata yatha watumiza ndalama koyamba, ndipo wandipempha kuti nambala yanu ndisaipereke kwa munthu aliyense wa ku Guilleme. Ndamuuza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Iye wati ndicho chifukwa chake watumiza.

Mvula ikuyandikira. Mbuzi imodzi mugulitse, mugulire mbewu ya chimanga ndi feteleza wokulitsa. Denga la khitchini ndilikonza ndekha ndikabwera pa Khirisimasi, bondo likalola.

Pali chinthu chimene sindinakuuzenipo. Tsiku lomaliza kuchipatala kuja, inu mutatuluka kukatunga madzi, Emelda anandigwira dzanja nati, "Achimwene, mwanayu aphunzire." Ndinavomera, ndipo mawu amenewo ndiwo anandikweza basi ya ku Joni. Chaka chino ndinaona lonjezo likundipulumuka ndili gone pamkeka, ndikusowa pogwira. Mlongo wanga anagwira dzanja langa, koma dzanja lomwe lamufikitsa mwana wake m'kalasi ndi lanu.

Zikomo, Maggie.

Ndine wanu mpaka kale,
Lameki